Kuchoka pa ukhansala kupita ku Nyumba ya Malamulo

Khansala amadziwika m'wodi mwake mokha, pomwe dera la phungu limaphatikiza mawodi angapo. Choncho yambani msanga kuyendera mawodi enawo: maliro, misonkhano ya chitukuko, makomiti a chipani. Ambiri amagwera pa zisankho zachipulula chifukwa ovota kumeneko ndi nthumwi za chipani, osati khamu lokuimbirani m'manja pamsika.

Kwa wofuna kukhala phungu, malamulo amafuna zaka zosachepera 21, kulembetsa m'kaundula wa ovota, komanso kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Tengani mapepala ofunsira kupikisana nawo ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lipirani ndalama yake, ovota a m'deralo asaine. Onetsetsani kuti aliyense wosaina analembetsa m'dera lomwelo, apo ayi mapepalawo angakanidwe. Tsiku lovota, ikani oyang'anira pamalo aliwonse oponyera voti.