Momwe mungapangire chifanizo cha Triceratops ndi waya, makatoni ndi nyuzipepala zakale

Ana a Sitandade 6 omwe ndimaphunzitsa akamva mawu oti dinosaur amaganiza za Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chija chomwe mafupa ake anafukulidwa m'boma la Karonga ndipo chifanizo chake chinaimikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale pa tawuni ya Karonga. Zimandisangalatsa kuti amayamba ndi chakwathu. Koma tsiku lina mtsikana wina anandifunsa ngati ma dinosaur onse anali a makosi aatali, ndipo ndinaona kuti choko ndi bolodi sizikwanira. Ndinafuna chinthu choti ana azichigwira ndi manja, azichitembenuza. Ndinasankha Triceratops, dinosaur ya khosi lalifupi ndi nyanga zitatu, ndipo pano ndapanga ma Triceratops atatu. Yoyamba inagwa chafufumimba ana akuona, ndipo zambiri zomwe ndalemba pano ndinaziphunzira pa kugwa kumeneko.

Musanagule waya, dziwani chomwe mukupanga. Triceratops sinakhaleko ku Africa kuno. Inkakhala kumadzulo kwa North America zaka za pakati pa 68 ndi 66 miliyoni zapitazo, kumapeto kwenikweni kwa nyengo ya Cretaceous, ndipo mafupa ake ambiri amafukulidwa ku Montana ndi ku Wyoming. Malawisaurus yathu inakhalako zaka mamiliyoni ambiri izi zisanachitike, kumayambiriro kwa nyengo yomweyo, choncho musaziike pathabwa limodzi ngati zinkamwera dziwe limodzi. Dzina loti Triceratops anapereka ndi katswiri wa mafupa akale wa ku America, Othniel Charles Marsh, mu 1889, ndipo m'Chigiriki limatanthauza nkhope ya nyanga zitatu.

Yaikulu inkatalika pafupifupi mamita 9, mutu wokha n'kumafika mamita awiri ndi theka, ndipo nyanga ziwiri za pamwamba pa maso zinkafika mita imodzi iliyonse. Ine ndimagawa zonsezi ndi 15. Ndiye kuti chifanizo chimatalika masentimita 60, mutu masentimita 17, nyanga masentimita 7, ndipo kuchoka pansi kufika pachiuno ndi masentimita 20. Chikachepa kuposa apa nyanga zimavuta kuumba, chikakulanso kwambiri mudzasowa pochisunga.

Zogula si zambiri. Mufunika waya wokhuthala wa mpanda, waya wopyapyala womwe amisiri amamangira zitsulo za nyumba, pulayazi, katoni yolimba, nyuzipepala zakale, tepi ya pepala, kathabwa ka pansi, timisomali, guluu wa matabwa ndi penti. Za waya ndikuchenjezeni. Kumsika kuli anyamata ogulitsa waya wochokera m'matayala ootcha, ndipo mtengo wake umakopa. Musagule. Phala lomatira mapepala likangoukhudza umachita dzimbiri, dzimbirilo n'kutulukira pamwamba pa pepala ngati mabala. Pitani ku hardware mukagule wonyezimira uja, ngakhale mtengo wake umakwera mwezi ndi mwezi. Guluunso gulani wa m'botolo lake lotseka bwino. Wina anandigulitsa wothira m'botolo la madzi akumwa, akuti ndi yemweyo wangomugawa, koma unali madzi okhaokha oyera ngati mkaka. Nyuzipepala musagule, pemphani ku maofesi kapena kwa aneba.

Phala lomatira mupange nokha. Kapu imodzi ya fulawa kapena ya ufa wa chinangwa, makapu asanu a madzi, supuni ziwiri za mchere, muphike mukutakasa mpaka lifanane ndi phala la mwana wakhanda. Likazizira thiranimo guluu pang'ono. Mcherewo umachedwetsa chuku. Phikani la tsiku limodzi basi, chifukwa likagona kawiri fungo lake silipiririka.

Mafupa a waya si ovuta, ndipo ngati m'kalasi kapena m'mudzi muli anyamata opanga magalimoto a mawaya, apatseni miyeso muwasiye, manja awo ndi ozolowera kuposa athu. Msana, miyendo inayi, mchira. Ingowauzani kuti miyendo yakumbuyo ndi yaitali ndipo imaima chilili pansi pa thupi, yakutsogolo ndi yaifupi, zigongono zake zotulukira kunja pang'ono. Mchira usakwawe pansi, uime m'malere. Mimba muidzaze ndi nyuzipepala zouma zofwinya n'kukulunga ndi tepi mpaka ifanane ndi mgolo.

Tsopano mutu, ndipo apa ndichedwapo.

Ulendo woyamba ndinaumba mutu pawokha. Ndinatenga mapepala onyowa ndi phala, n'kuwaumba chimpira chimodzi cholemera ngati nsima yogona, n'kusomekapo nyanga za timitengo, ndipo chishango, lomwe ndi fupa lotambalala la kumbuyo kwa mutu wa nyamayi, ndinachimata mapepala osanjikiza kasanu ndi kamodzi tsiku limodzi. Kenaka ndinalumikiza zonsezi ku thupi ndi waya umodzi wokha, womwe ndinaulowetsa kumapeto kwenikweni kwa chishangocho. Munali mu Febuluwale, mvula ili tsiku ndi tsiku. Patapita masiku atatu kunja kunaoneka kouma, ine n'kupaka penti. Tsiku loonetsa ana litafika ndinachiika patebulo, ndikuyamba kufotokoza, khosi linayamba kuwerama pang'onopang'ono mpaka miyendo yakumbuyo inanyamuka, mlomo n'kumenya tebulo, nyanga imodzi n'kuthyokera patsinde. Ana anangoti zii. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ena mwa iwo anali atabweretsa nyuzipepala kuchokera kwawo ndipo anadikira masabata awiri. Madzulo ake nditang'amba mutuwo ndinapeza m'kati muli chinyontho, chuku chobiriwira chitayanga ponseponse.

Nditakhala pansi n'kuyang'anitsitsa zithunzi za mafupa enieni, ndinaona kuti nyamayi inali ndi vuto lomweli ndipo thupi lake linali ndi yankho. Kumbuyo kwa chigaza chake kuli fupa lobulungira ngati mpira lomwe limalowa m'fupa loyamba la khosi. Fupa limeneli silili kumapeto kwa chishango, lili pansi pake, chakufupi ndi tsinde la nyanga, pamalo pomwe kulemera kwa mlomo kutsogolo kumalingana ndi kulemera kwa chishango kumbuyo. Zili ngati mayi wosenza mtolo wa nkhuni, amauika pamutu chapakati, osati kunsonga. Komanso mafupa oyambirira a khosi lake anagwirana n'kukhala fupa limodzi lolimba. Ine ndinapachika mutu wonse kunsonga, pa kawaya kamodzi.

Ndiye chitani chonchi. Musapange mutu pawokha. Tengani mawaya atatu okhuthala, muwapote pamodzi, achoke pachiuno, adutse msana ndi khosi, akafike mpaka kunsonga ya mlomo osadukiza. Pa waya wopotayo mangani mutu wa katoni wopanda kanthu m'kati, ngati kabokosi kosongoka kutsogolo. Nyanga ziwiri zazitali zichokere ku waya umodzi womwe mwaupinda pakati, pakatipo mumangirire zolimba ku waya wa khosi ndi waya wopyapyala uja, nsonga ziwirizo zitulukire pamwamba pa maso. Mukatero nyanga singazuke payokha. Zikulungeni ndi timizere ta pepala touma kaye, pokhuthala patsinde n'kumachepa kupita kunsonga, kenaka tepi, phala libwere pambuyo.

Chishango chidulidwe ku katoni imodzi yokha, chozungulira ngati theka la lichero. Chinyowetseni pang'ono, muchiyanike pa mbale yovundikira kuti chipindike, ndipo chikauma muchimate kumbuyo kwa nyanga, khosi lilowe pansi pake. Musanamate pepala lililonse, ikani chifanizocho patebulo n'kukankha mlomo ndi chala. Chikafuna kugwa, tsegulani mimba chakuchiuno muikemo miyala iwiri kapena mabawuti akale mpaka chikhazikike. Mukatha khomererani mapazi onse anayi kuthabwa. Ine ndimayesa katatu ndisanakhutire.

Poti tili pamutu pomwepa, pali zinthu zomwe zidole zapulasitiki za kumsika zimasokoneza, ndipo ana akatengera zimenezo amaphunzira zolakwika. Chishango cha Triceratops ndi fupa lathunthu lopanda mabowo. Chokhala ndi mabowo awiri aakulu ndi cha Torosaurus, ndipo chokhala ndi minga italiitali m'mbali ndi cha Styracosaurus, ma dinosaur ena a nyanga. M'mphepete mwa chishango cha Triceratops munali timafupa ting'onoting'ono ta makona atatu, tosongoka mwa ana, tophwatalala mwa zikuluzikulu, choncho timano tochepa todula ndi sizasi tikwanira. Nyanga za pamaso mwa yachichepere zinkapindikira kumbuyo, ikakula n'kuloza kutsogolo. Sankhani msinkhu umodzi. Ya pamphuno ndi yaifupi: pa mtundu wa Triceratops horridus ndi kachitsa chabe, pa Triceratops prorsus ndi yotalikirapo. Nyanga zimenezi zinasokonezapo ngakhale Marsh mwini wake. Mu 1887 atalandira nyanga ziwiri zomwe zinapezeka pafupi ndi Denver, anaganiza kuti ndi za njati yaikulu ya ku America yamakedzana, ndipo anazindikira pambuyo pake zigaza zathunthu zitayamba kubwera kuchokera ku Wyoming, komwe John Bell Hatcher ankafukula.

Ndipo chonde musaike mano akuthwa kutsogolo. Ana aamuna amalimbikira zimenezi nthawi zonse. Nyamayi inkadya zomera. Kutsogolo inali ndi mlomo wokhota ngati wa chinkhwe wothyolera masamba ndi nthambi, mano anali m'kati chakumasaya, mazanamazana osanjikizana m'mizere, akumwamba akaperepeseka ena n'kutulukira pansi pake, ndipo ankadula chakudya ngati sizasi. Pa chifanizo chotseka pakamwa sawoneka n'komwe. Mlomowo upangeni ndi katoni yopyapyala ya bokosi la sopo, wam'mwamba uphimbe wam'munsi.

Kumata mapepala ndi ntchito yomwe aliyense amaidziwa. Ng'ambani ndi manja, osadula ndi sizasi, timizere ta zala ziwiri m'lifupi, viikani m'phala, kokani pakati pa zala kuti phala lochuluka lichoke. Lamulo ndi limodzi lokha ndipo musaliphwanye: kusanjika kamodzi patsiku, kenaka padzuwa mpaka ziume gwa. Kanayi pathupi, katatu pamutu. Mukagogoda ndi chikhadabo pazimveka ngati chipanda chouma. Pakamveka fwa kapena pakazizira mukagwira ndi tsaya, dikirani tsiku lina. Ntchitoyi ipangeni pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Usiku musachisiye pansi, makoswe ndi mphemvu zimakonda phala limeneli. Ine ndimachipachika ndi chingwe kudenga.

Zala zakumapazi ndi timipira ta pepala basi. Kutsogolo zisanu, zitatu zam'kati zokhala ndi ziboda, ziwiri zakunja zazing'ono. Kumbuyo zinayi. Khungu lake linali la mamba akuluakulu a makonamakona, monga zikuonekera pa zidindo za khungu zomwe zinapezeka ku Wyoming. Ulendo wachiwiri ndinayesa kumata mamba amodziamodzi ndipo ndinalekera panjira. Njira yachidule ndi iyi: matani tishu pamwamba ndi guluu wosungunula, isanaume dindani ndi kukamwa kwa chivindikiro cha bolopeni.

Zotsalazi ndi zachangu. Kwechani pokhakhala ndi sandipepa. Pakani penti yoyera ya madzi kuti zilembo za nyuzipepala zibisike, yotsala kwa wopenta nyumba imakwanira. Mtundu sankhani nokha, ine ndinatengera chipembere cha ku Liwonde, n'kufiiritsa chishango pang'ono, nyanga ndi mlomo n'kuzipaka ngati nyanga za ng'ombe. Maso ndi mikanda iwiri yakuda, m'mbali mwa mutu, pansi penipeni pa nyanga. Vanishi kamodzi ngati muli nayo. Pathabwa matani mchenga ndi timasamba touma, koma musaimikepo munthu wa mkondo, chifukwa Triceratops inatha zaka 66 miliyoni zapitazo anthu kulibe. Lembani dzina, zaka ndi malo pa kapepala, mumate kutsogolo, ndipo pansi pa thabwa pakani oyilo wakale wa galimoto kuti chiswe chisayandikire.