Kugawa manambala a khadi pamene munthu akulemba pa fomu

Mwafunsa kuti mungatani kuti nambala ya khadi la kubanki izidzigawa yokha m'magulu a manambala anayi, monga 1234 5678 9012 3456. Imeneyi ndiyo input mask.

Choyamba, mu HTML, bokosi lolembamo nambala ya khadi likhale type="text", osati type="number", chifukwa la number silivomereza mipata. Muonjezere inputmode="numeric" kuti pa foni pazituluka mabatani a manambala.

Kenako mu JavaScript gwiritsani ntchito input event (imene imachitika zolembedwa m'bokosi zikasintha), osati keydown (imene imachitika munthu akadina batani), poti ena salemba, amangokopera nambala n'kuimata. Chotsani chilichonse chimene si nambala ndi replace(/\D/g, ""), n'kuika mpata pakatha manambala anayi alionse.

Povuta ndi pa cursor, kamzere kosonyeza pamene munthu akulemba. Mukasintha value, kutanthauza zolembedwa m'bokosimo, cursor imathawira kumapeto, ndiye amene amakonza nambala yapakati amasokonezeka. Muwerengeretu manambala amene ali kumanzere kwake, mukatha kugawa muibwezere pomwepo ndi setSelectionRange. Kunena zoona ndi ntchito yotopetsa, ndipo IMask, pulogalamu ya JavaScript yokonzedwa kale, imakuchitirani zonsezi.

Musaumirire manambala 16, makhadi a American Express ali ndi 15, ogawidwa 4-6-5. Potumiza chotsani mipata, ndipo seva iunikenso nambalayo payokha.