Kukonza zaluso za pabwalo m'dera latsopano la m'mbali mwa madzi

Pomanga dera latsopano m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje, anthu ambiri amalakwitsa poitana waluso kumapeto, nyumba ndi misewu zitatha kale, kuti adzaimike chiboliboli pamalo otsala. Muitaneni pulani ikadali kujambulidwa, akhale pamodzi ndi mainjiniya a ngalande ndiponso odziwa za kusefukira kwa madzi, chifukwa nthawi imeneyi ndiyo luso lingapatsidwe ntchito yeniyeni.

Ndalama zipatulidwe poyambirira. Mu 1959 mzinda wa Philadelphia, ku America, unakhazikitsa lamulo lopatula gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama zomangira kuti lipite ku zaluso, ndipo mizinda yambiri inatengera njirayi. Koma m'bajeti momwemo mukhalenso thumba lokonzera zinthuzo zikayamba kuwonongeka, pakuti chiboliboli chosasamalidwa chimachititsa manyazi dera lonse.

Funsani kuti chinthucho chidzathandiza chiyani kupatula kukongoletsa. Ku paki ya Sherbourne Common mumzinda wa Toronto, ku Canada, madzi amayeretsedwa ndi kuwala kwa UV, komwe kumapha tizilombo ta m'madzi, kenaka amatsika kuchokera pa ziboliboli zitatu za waluso Jill Anholt, zotalika pafupifupi mamita 9, n'kuyenda m'ngalande yoonekera mpaka kukalowa m'nyanja ya Ontario. Aliyense wodutsa amaona ndi maso ake ulendo wa madziwo. Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha ku Zadar, m'dziko la Croatia, komwe mu 2005 katswiri wa zomangamanga Nikola Bašić anaika mapaipi 35 pansi pa masitepe otsikira kunyanja. Mafunde akagunda, amakankha mpweya m'mapaipimo ndipo pamamveka nyimbo popanda magetsi alionse, anthu atakhala phee pamasitepepo dzuwa likulowa.

Zipangizo zisankhidwe poganizira mchere, chinyezi ndi mphepo. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri msanga pafupi ndi madzi amchere, choncho gwiritsani ntchito mwala, mkuwa kapena chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316. Yezani pomwe madzi angafike akasefukira, ndipo chilichonse chokhala kunsi kwa mzere umenewo chikhale chotha kumira n'kutulukamo chili bwinobwino. Nyale zikhale zochepa ndi zoloza pansi, kuti zisasokoneze mbalame zouluka usiku.

Musanasankhe chojambula chilichonse, khalani pansi ndi asodzi, ogwira ntchito padoko ndi mabanja omwe ankakhala pamalowo kale, chifukwa iwo ndiwo amadziwa mayina akale a magombe ndi pomwe madzi anafika chaka chomwe anasefukira kwambiri. Zomwe anene zilembedwe m'chikalata choitanira aluso.