Momwe mungaonere ndi kukonza malamulo a sudo pa seva ya ku ofesi

M'maofesi ang'onoang'ono kuno ku Kasungu, kaya ndi kopaletivu ya alimi, sukulu kapena SACCO, seva imodzi ya Linux imatha kusunga zonse. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti pasiwedi ya root, akaunti yaikulu yokhala ndi mphamvu zonse pa seva, imangoyenda m'manja mwa anthu, mpaka amene anasiya ntchito kalekale amaidziwabe. Pulogalamu ya sudo ilipo pofuna kuthetsa zimenezi: aliyense amalowa ndi akaunti yake, n'kupatsidwa mphamvu pa zokhazo zimene ntchito yake ikufuna. Mlonda amam'patsa kiyi wa pageti, osati mpukutu wonse wa makiyi.

Musanasinthe kanthu, yambani mwadziwa amene ali ndi mphamvu panopa. Pa Linux ya mtundu wa Ubuntu ndi Debian, oterowo amakhala m'gulu lotchedwa sudo. Mu terminal, zenera lolembamo makomandi, lembani:

getent group sudo

Pa Fedora ndi Rocky Linux gululi limatchedwa wheel. Dzina lililonse limene latuluka apo ndi la munthu amene angachite chilichonse pa sevayo. Koma mndandandawu sukwanira, chifukwa wina akhoza kupatsidwa mphamvu payekha osalowa m'gulu. Ndiye funsani za munthu mmodzimmodzi:

sudo -l -U wophunzira

M'malo mwa wophunzira ikani dzina la akaunti imene mukufufuza. Mukaona (ALL : ALL) ALL, dziwani kuti mwini akauntiyo sakusiyana ndi root.

Malamulowa amakhala mu fayilo ya /etc/sudoers komanso m'mafayilo a mu /etc/sudoers.d. Chenjerani ndi mzere wa #includedir umene umapezeka m'maseva akale. Umaoneka ngati mzere wozimitsidwa chifukwa cha chizindikiro cha #, koma umagwira ntchito, ndipo ndi umene umakoka malamulo a mu sudoers.d. M'maseva atsopano amaulemba @includedir.

Tsopano kusintha. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi: musatsegule fayilo ya sudoers ndi mapulogalamu olembera ngati nano kapena vim mwachindunji. Chilembo chimodzi chikalakwika, sudo ikhoza kukana aliyense, kuphatikizapo inuyo. Ngati sevayo ili pa boma inu muli ku Santhe kapena ku Nkhamenya, ndiye kuti ulendo wa minibasi wakupezani. Gwiritsani ntchito visudo, imene imayamba yaunika zimene mwalemba isanazisunge. Tsegulaninso terminal yachiwiri, mulembe sudo -i kuti mulowe ngati root, muisiye chotsegula mpaka mutatsimikiza kuti zonse zili bwino. Zikasokonekera, mukonzera m'menemo.

Tiyerekeze kuti magetsi akathima n'kuyakanso, nginx, pulogalamu yoyendetsa webusayiti, nthawi zina imafuna kuidzutsa, ndipo mukufuna kuti wophunzira ntchito azichita zimenezi inu kulibe. Pangani fayilo yakeyake:

sudo visudo -f /etc/sudoers.d/wophunzira

Mkatimo lembani mzere uwu:

wophunzira ALL=(root) /usr/bin/systemctl restart nginx

Poyamba pali dzina la akaunti. ALL akutanthauza makina alionse amene fayiloyi ikugwirapo ntchito, (root) ndi amene komandiyo iyendere m'dzina lake, ndipo chomaliza ndi komandi yeniyeniyo, yolembedwa ndi njira yake yonse. Mukangolemba /usr/bin/systemctl osaonjezera mawu otsatirawo, mwam'patsa ufulu woimitsa kapena kuyambitsa chilichonse. Ngati lamulo ndi la gulu, dzina la gululo liyambe ndi %.

Pali misampha iwiri imene imagwira ngakhale odziwa. Dzina la fayilo ya mu sudoers.d lisakhale ndi kadontho, ndipo lisathere ndi ~. Fayilo yotchedwa wophunzira.conf sudo imangoidumpha osanena kanthu, inu n'kumadabwa kuti lamulo silikugwira bwanji. Wachiwiri ndi wakuti malamulo awiri akamakamba za chinthu chimodzi, lomaliza kuwerengedwa ndi limene limapambana, ndipo mafayilowo amawerengedwa motsatira zilembo za mayina awo.

Mukasunga, lembani sudo visudo -c kuti aunike mafayilo onse. Fayilo iliyonse yabwino imalembedwa parsed OK. Kenako bwerezani sudo -l -U wophunzira muone ndi maso anu kuti chatuluka ndi chimene mumafuna.

Pali makomandi ena ooneka osalakwa koma oopsa. Munthu wololedwa kutsegula vim kapena less ngati root akhoza kutulukira mkati mwake n'kupeza shell ya root, kutanthauza malo olembapo komandi iliyonse ngati root. Ngati akufunika kusintha fayilo inayake, m'patseni sudoedit pa fayilo yokhayo. Nyenyezi ya * pamapeto a lamulo nayonso imatsegula zambiri kuposa zimene mukuganiza. Za NOPASSWD, mawu olola komandi kuyenda popanda kufunsa pasiwedi, ine ndimaona kuti ndi zoyenera ntchito zoyenda zokha usiku, monga kusunga backup, osati munthu amene watopa kulemba pasiwedi. Laputopu yake ikabedwa ili chotsegula, wakubayo safunsidwa kanthu.

Kuti mudziwe zimene anthu akhala akuchita, lembani:

sudo journalctl _COMM=sudo

Pa Ubuntu zimapezekanso mu /var/log/auth.log, pomwe pa Rocky Linux zili mu /var/log/secure. Mzere uliwonse umaonetsa dzina la munthu, nthawi, foda imene anali, ndi komandi imene anayendetsa. Amene anayesa popanda chilolezo amalembedwanso.

Munthu akasiya ntchito, m'chotseni m'gulu la sudo tsiku lomwelo ndi sudo gpasswd -d wophunzira sudo, mufufute fayilo yake mu sudoers.d, n'kutsimikiza ndi sudo -l -U.

Sudo nayonso imafuna kuikonzanso nthawi ndi nthawi. Mu Januware 2021 akatswiri a kampani ya Qualys analengeza za vuto lotchedwa CVE-2021-3156, limene linkalola munthu wa akaunti wamba kukhala root ngakhale asanalembedwe mu sudoers. Linakonzedwa mu sudo 1.9.5p2, ndipo Ubuntu, Debian ndi ena anatulutsa zokonza zawo. Ngati seva yanu yakhala zaka osailumikiza pa intaneti chifukwa cha mtengo wa bandulo, guliraniko tsiku limodzi, ndipo pa Ubuntu kapena Debian mulembe sudo apt update kenako sudo apt upgrade.