Mbuzi zasenda khungwa la peyala laling'ono: lichira?

Chilonda chikapanda kufika theka la tsinde, mtengo nthawi zambiri umachira wokha. Chikazungulira tsinde lonse, chakudya cha m'masamba sichifika kumizu, ndiye mezanitsani msanga.

Zofunika: mpeni wakuthwa, tinthambi tatiwisi ta mtengo womwewo, phula la njuchi ndi luzi.

1. Salazani khungwa long'ambikalo m'mbali mwa chilonda.
2. Dulani tinthambi totalikirapo kuposa chilondacho, musongole mbali zonse ziwiri.
3. Tilowetseni pansi pa khungwa, kumtunda ndi kumunsi, ngati mlatho. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: maso a kanthambi ayang'ane kumwamba. Mukakazondotsa, sikagwira.
4. Mangani ndi luzi, mumate phula. Oyilo ayi, ndipo pulasitiki yothina imaoletsa tsinde ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu.
5. Tchingani ndi nsungwi mbuzi zisabwerere.