Momwe mungatetezere mbewu zanu ku chisanu chochedwa m'minda ya ku Britain

Chaka changa choyamba kulima pa allotment (kamunda kobwereka) kuno ku Leeds ndinaluza maungu onse usiku umodzi wokha. Munali mu Epulo 2021. Masana dzuwa linkawala bwino, ine n'kumati kuzizira kwatha, ndipo ndinawokera mbande 12 zomwe ndinazilera pawindo la kukhitchini. Kutacha ndinapeza masamba ali lende, ofewa ngati nkhwani wowiritsa, ndipo pofika masana anali atada bii. Pambuyo pake a Met Office, bungwe la zanyengo la kuno, analengeza kuti pa zaka 60 zapitazo panalibe Epulo wina amene anagwa chisanu masiku ambiri chotero. Ku France mwezi womwewo alimi a mphesa ankachezera kuyatsa makandulo m'minda kuti maluwa asapse. Ngati mwangopeza kamunda kuno ndipo mtima uli dyokodyoko kufuna kudzala chimanga ndi bonongwe, yambani mwawerenga izi.

Choyamba, musamaope sinowo kwambiri

Ambirife tikafika kuno timaganiza kuti sinowo, chipale chofewa chija, ndiye amapha mbewu. Kawirikawiri si choncho. Sinowo amakhala ndi mpweya wambiri mkati mwake, motero akayala pabedi amagwira ntchito ngati bulangete: mphepo yozizira imadutsa pamwamba, nthaka ya pansi n'kukhala chapafupi ndi madigiri 0. Kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Marichi 2018, pomwe kunabwera mphepo yozizira yochokera kum'mawa imene anaitcha Beast from the East, mbewu zomwe zinavutika kwambiri ndi zimene zinali pamtetete, mphepo ikuziwomba. Ndiye akagwa pa adyo, anyezi kapena kale (ndiwo zamasamba zonga repu), msiyeni asungunuke yekha.

Vuto lake ndi kulemera, makamaka wonyowa wa mu Marichi. Amathyola nthambi ndi kugwetsa maukonde otchingira mbalame. Tengani tsache, muzigwedeza nthambi pang'onopang'ono kuyambira m'munsi. Komanso sinowo amene mwakokolola panjira pomwe anathirapo mchere musamutaye pabedi, mcherewo umawononga mizu.

Chachiwiri, phunzirani kuzindikira usiku wa chisanu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Usiku woopsa ndi uja wotsatira tsiku la dzuwa labwino: kumwamba kuli mbee, nyenyezi zikuoneka zonse, mphepo ili zii. Kutentha kumene nthaka yasunga masana kumathawira kumwamba popanda mitambo yokutchinga, ndipo m'bandakucha mame amauma n'kusanduka ayezi pamasamba. Madzi a mkati mwa tsamba nawonso amauma, timinofu take n'kuphulika, n'chifukwa chake limafewa kenako n'kuda. Amene munakulira ku Dedza, ku Tsangano kapena ku Mzimba mukuzidziwa. Mu Juni ndi Julayi tomato ndi kachewere wa m'dimba sapsa tsiku la mitambo ndi mawawa, amapsa kukacha kumwamba kuli koyera.

Chimene chinandipusitsa ine ndi foni. Inkaonetsa madigiri 3, ine n'kumati madzi sauma pa 3. Koma chipangizo choyezera cha anthu a zanyengo chimakhala pamwamba, kupitirira pang'ono mita imodzi kuchokera pansi, pomwe mbande yanu ili panthaka penipeni pamene pamazizira koposa. Choncho mukaona madigiri 4 kapena ocheperapo, kumwamba kuli koyera ndipo kulibe mphepo, konzekani kufunditsa.

Yang'ananinso momwe munda wanu wakhalira. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha kumunsi kapena kuseri kwa mpanda, monga momwe chisanu chimakondera kudambo. Pitani kumunda m'mamawa tsiku la chisanu muone pomwe payera kwambiri ndi pomwe pakuchedwa kusungunuka. Pamenepo m'posayenera nyemba.

Chachitatu, siyanitsani mbewu

Zopirira ndi adyo, anyezi, kale, kabichi, sipinachi, nsawawa ndi nyemba zikuluzikulu zimene kuno amati broad beans. Repu ndi mpiru nazonso zimalimba chisanu chikakhala chochepa. Izi mutha kuyamba nazo mu Marichi kapena Epulo nthaka ikauma pang'ono. Zosapirira ndi zomwe timazikonda kwambirizo: chimanga, maungu, nyemba za khwanya, tomato, bonongwe, therere ndi mbatata ya kholowa. Chisanu cha usiku umodzi chimazimaliza. Chimanga ngakhale chisanu chisagwe, sichimera bwino nthaka isanafike madigiri 10, mbewu imangowolera pansi.

Chachinayi, funditsani, koma mofunditsa mwake

Gulani nsalu yoyera yopyapyala yotchedwa fleece, imapezeka m'masitolo a zaulimi wa kudimba. Pali ya magalamu 17 ndi ya magalamu 30 pa sikweya mita. Ine ndimakonda ya 30 chifukwa yopyapyalayo imang'ambika msanga. Imangowonjezera madigiri ochepa, mwina awiri, koma nthawi zambiri awiriwo ndi amene amapulumutsa mbande. Usiku wozizira kwambiri ipindeni pawiri.

Funditsani madzulo dzuwa lisanalowe, nthaka ikadali ndi kutentha. Nsaluyo ifike pansi mbali zonse ndipo muitsindike ndi njerwa kapena matabwa, chifukwa chomwe mukutsekera mkatimo ndi kutentha kochokera m'nthaka. Kungoyala pamwamba pa masamba, m'mbali muli pululu, n'kutaya nthawi. Ngati mulibe fleece, chitenje chakale, shiti ya pabedi kapena manyuzipepala zimathandiza. Pulasitiki ayi, pokhapokha atakhala pa timitengo osakhudza masamba, chifukwa tsamba lililonse logunda pulasitiki limapsa. Mbande imodziimodzi ivindikireni ndi botolo lalikulu la madzi lodula kumunsi. Kukacha vundukulani kuti mpweya ulowe.

Nthaka yachinyezi imasunga kutentha kuposa youma, ndiye ngati bedi lauma thirirani masana, pansi osati pamasamba. Zomwe zili m'miphika zisunthireni pafupi ndi khoma la nyumba kapena m'shedi, poti mizu ya mumphika imazizidwa mbali zonse.

Kachewere ali ndi njira yakeyake. Timasamba tikangotuluka, tikwirireni ndi dothi monga timachitira pobandira chimanga. Musaope kutikwirira tonse, titulukanso. Mkulu wina amene munda wake wayandikana ndi wanga, wolima pamenepo kuyambira ndisanabwere kuno, anandipeza tsiku lina ndikulimbana ndi nsalu mphepo ikuiulutsa. Anangotenga khasu langa n'kukwirira mzere wonse mwakachetechete, n'kubwerera kwake.

Mitengo ya zipatso ndi yovutirapo. Maplamu ndi mapeyala a kuno (pears) amachita maluwa msanga, maapozi pambuyo pake, ndipo duwa lotseguka limayamba kuwonongeka pa madigiri 2 kunsi kwa ziro. Mukaling'amba n'kupeza pakati pada, chipatso palibe. Mtengo waung'ono ufunditseni usiku, masana muzivundukula kuti njuchi zifike.

Chachisanu, chisanu chikakupezani musathamangire kudula

Mbande zikayera ndi chisanu, chimene chimawonjezera vuto ndi dzuwa la m'mawa lozisungunula mofulumira. Zitchingireni mthunzi kuti zisungunuke pang'onopang'ono. Kenako dikirani masiku angapo musanagamule. Kachewere wakuda masamba amaphukanso kuchokera pansi, amangochedwa kukhwima. Pa zitsamba ndi mitengo, masamba opsawo asiyeni kaye, amatchinjiriza tinsonga tamoyo tomwe tili pansi pake, mudzadule chisanu chikatheratu. Feteleza musathire msanga, amatulutsa masamba anthete amene adzapsenso. Yenderani mabedi a adyo, anyezi ndi sitiroberi, chifukwa nthaka ikamaundana ndi chisanu n'kusungunuka imatukula mbewu, mizu n'kukhala pamtunda. Zitsindireni pansi ndi zala. Maungu, nyemba ndi tomato zikafewa mpaka patsinde, zulani mufesenso. Ine tsopano ndimasunga theka la njere pa chifukwa chomwechi.

Chachisanu ndi chimodzi, dikirani, ndipo zolowezani mbande

Kum'mwera kwa England chisanu chimatha chapakati pa Meyi, kumpoto kuno chakumapeto kwa mweziwo, ndipo madera ena a ku Scotland chimalowa mpaka mu Juni. Funsani anzanu a pa allotment, amadziwa za malo awo kuposa foni. Fesani chimanga ndi maungu m'timiphika m'nyumba chakumapeto kwa Epulo. Mukafesa mu Marichi zimatalika n'kuwonda pawindo zikudikira kunja. Kutatsala milungu iwiri kuti muwokere, muzizitulutsa masana pamalo opanda mphepo n'kuzilowetsa madzulo, tsiku lililonse kuwonjezera maola. Sabata yachiwiri zizigona kunja zitafunda fleece.

Ine maungu ndimawokera sabata yoyamba ya Juni, ndipo nkhwani timayamba kuthyola mu Julayi. Fleece ndimaisiya m'shedi pafupi ndi chitseko mpaka Juni atafika pakati.