Kagulu koti kafukufuku asamathere mu shelefu: mungayambe bwanji

Malipoti a kafukufuku tili nawo ambirimbiri, lowani mu ofesi iliyonse pa boma muwapeza mu shelefu atachita fumbi. Vuto ndi loti wofufuza ndi wopanga ziganizo sadziwana, amangoonana tsiku lomva zotsatira ku hotela, kudya, kusaina alawansi basi aliyense kwawo. Zimandiwawa chifukwa ndalama zalowapo komanso anthu kumudzi anataya nthawi yawo kuyankha mafunso aja.

Ndiye ngati muli ku khonsolo, kwa DHO (ofesi ya zaumoyo ya pa boma) kapena ku NGO, yambani ndi funso osati lipoti. Khalani pansi anthu ochepa, 8 akwana, mufunsane kuti chikutisowetsa tulo chaka chino ndi chani, mwina amayi akuyamba sikelo mimba itakula kale, mwina kolera akubwerabwera dera lomwelomwelo mvula ikangoyamba. Funso limenelo ndi lomwe mupite nalo kwa ofufuza, kaya a ku KUHeS (yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu) kaya MLW (bungwe la kafukufuku wa zaumoyo) ku Blantyre, muwapemphe mmodzi alowe mu gulu lanu.

Chonde HSA (mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi) musamusiye kunja. Iyeyu ndi amene amadziwa kuti mjigo wa mudzi wakuti unafa liti, ndipo nambala za mu DHIS2 (pulogalamu ya pa kompyuta yosungiramo nambala za zaumoyo) zikamaoneka bwino iye atha kukuuzani zomwe nambalazo sizikunena. Wa ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera) akhalepo, amfumunso, ndipo mukafika pa zokambirana muziyankhula Chichewa kuti asangokhala ngati alendo.

Onani za katemera wa taifodi. Kafukufuku anayamba 2018 ku Ndirande ndi Zingwangwa ndi ana oposa 28,000, amabayira m'masukulu a komweko ndiye makolo, aphunzitsi ndi azaumoyo anali mkati kuchokera pachiyambi. Pofika 2023 unduna wa zaumoyo unayamba kupereka katemerayu dziko lonse. Zaka 5 zokha.

Zotsatira zikabwera musatumize PDF ya masamba 80 pa WhatsApp, palibe atsegule, bandulo ndi yodula. Wofufuza alembe tsamba limodzi, tapeza chani, tichite chani, zidya ndalama zingati. Apa pa ndalamapa ndi pomwe ambiri amathawa koma bwana DC afunsa pomwepo. Ndipo ngati umboni wake ndi wofooka anene poyera, musamukakamize kukometsa.

Nthawinso muziiona. Chaka cha boma chimayamba 1 April, ndiye tsamba lanulo lifike anthu akulemba DIP (pulani ya ntchito za chaka pa boma panupo) ndi bajeti, likafika mu June mudikira chaka china.

Zokumana musavutike nazo, ingolumikizani ku tsiku la DEC (msonkhano wa akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe kwa DC) anthu ali kale pa boma, ola limodzi kamodzi pa miyezi itatu, za thiransipoti sizivuta. Koma musankhe munthu mmodzi wolemba zomwe mwagwirizana ndi dzina la amene atachite, ndipo mukakumananso muyambire pa pepala lomwelo.